Chidakwa chikaseketsa anthu, sewero lafa: zomwe taphunzira pochita zisudzo za mowa m'chigwa cha Shire

Gulu lililonse la zisudzo lili ndi mnyamata mmodzi wodziwa kutengera chidakwa. Amalowa m'bwalo akudzandira, mabatani a malaya atawamanga mopingasa, botolo lili kukhwapa, lilime litalemera, ndipo anthu amafa nacho chikhakhali asanatsegule n'komwe pakamwa. Ife amene timachita zisudzo zophunzitsa achinyamata za mowa m'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje tinayambanso choncho, tikuyesa kuti phokoso la kuseka ndiye umboni woti uthenga wafika. Umboni weniweni umaoneka m'mawa mwake pamjigo kapena panjira ya kusukulu. Ana a Sitandade 5 amakhala akupikisana kudzandira, akubwereza mawu onse a chidakwa chija, koma palibe amene akukumbuka ngakhale liwu limodzi la namwino amene analankhula kumapeto. Sewero lotero lagwira ntchito yotsatsa mowa kwaulere.

Cholakwika chachiwiri chimayenda limodzi ndi choyambachi, ndicho kupha chidakwa kumapeto. Maliro, kulira, kenako wina n'kuima pakati kunena kuti mowa ndi woipa. Mnyamata wa zaka 16 amene akuonera amadziwa anthu khumi m'mudzi mwake amene amamwa tsiku ndi tsiku ndipo akadali moyo, ena ali ndi ng'ombe. Amangoti m'mtima, awa ndi masewera. Imfa ili kutali kwambiri ndi iye. Chimene chili pafupi ndi ndalama ya eni njinga imene yathera pa kachasu, manyazi pamaso pa mtsikana amene amamufuna, ndi mayeso amene sanalembe chifukwa cha matsire.

Njira imene imagwira si yachilendo m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1980 gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, linkapita kumidzi ya ku Mbalachanda ndi ku Liwonde kukapanga masewero pamodzi ndi eni mudzi, kuchokera pa mavuto amene anthuwo atchula okha. Ku Brazil nako katswiri wa zisudzo Augusto Boal anali atayamba kale kuimitsa sewero pakati n'kuitana woonera kuti alowe m'malo mwa wosewera. Ife timaphatikiza ziwirizi, ndipo ntchito yaikulu imachitika sewero lisanayambe.

Choyamba ndi kugwada kwa anyakwawa, ndipo ngati mudzayenda midzi ingapo, kwa a gulupu. Pitani anthu awiri kapena atatu, kutatsala sabata yathunthu. Nenani poyera kuti nkhani ndi ya mowa ndi ana, ndiponso kuti simudzatchula munthu. Mukabisa, amfumu amadzazindikira ali kale pampando kuti sewero likukhudza mlongo wawo amene amatcheza kachasu, ndipo adzaimirira n'kuchoka, anthu n'kuwatsatira. Kusukulu yambani ndi aphunzitsi aakulu, ndipo pemphani kuti mphunzitsi wa Life Skills akhale nanu kuyambira pachiyambi, chifukwa ndi amene adzatsale ndi anawo inu mukapita.

Kenako masiku atatu ongoyenda m'mudzi, awiriawiri, opanda pepala m'manja. Pepala likaoneka anthu amayesa kalembera wa thandizo ndipo amayankha zoti alembedwe. Atsikana a m'gulu apite kumjigo ndi kumadimba, anyamata apite pa siteji ya kabaza, padoko, pa bawo, ndi pamene amaonetsa mpira. Musafunse kuti "kodi mowa ndi vuto kuno?" chifukwa yankho lake aliyense amalidziwa. Funsani tinthu ting'onoting'ono. Mowa umene achinyamata amagula kwambiri ndi uti, amautcha chiyani pakati pawo, muyezo wotsikitsitsa ndi ndalama zingati sabata ino, ogulitsa amatsegula nthawi yanji, amakongoza kapena ayi, amalandira chimanga kapena nkhuku m'malo mwa ndalama, ndani amatumidwa kukagula. Funso limene limatsegula pakamwa kuposa onse ndi lakuti, "Munthu amayamba bwanji?" Madzulo aliwonse khalani pansi ola limodzi, aliyense anene zimene wamva, mmodzi alembe, osalemba dzina la munthu.

Mayankho amasiyana mtunda ndi mtunda, ndipo n'chifukwa chake sewero limodzi silingayende chigwa chonse. Kufupi ndi minda ya nzimbe ku Nchalo nkhani imazungulira kutha kwa mwezi ndi nyengo yodula nzimbe, pamene ndalama imayenda ndipo mabala amadzaza. Kumidzi ya thonje cha ku Ngabu ndi nthawi yogulitsa thonje, ndi tsiku limene mbuzi kapena ng'ombe yagulidwa. Kumadoko a m'mbali mwa Shire ndi m'dambo la Elephant Marsh ndi ndalama ya nsomba, imene imabwera m'mawa n'kutha dzuwa lisanapendeke. M'ma tauni ang'ono ngati Bangula ndi Dyeratu ndi midoli, timabotolo tija tinadzaza m'maokala boma litaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015. Kwina ndi kachasu wa masau kapena wa shuga ndi madeya, kwina masese, kwina uchema. Pali chinanso chimene anthu a kumtunda sachidziwa: misasa ya anthu othawa madzi. Amene anakhalako pa madzi osefukira a 2015, pa namondwe Ana mu 2022 kapena Freddy mu 2023 amadziwa kuti mnyamata akakhala miyezi iwiri wopanda munda, wopanda sukulu, tsiku limatalika, ndipo wina amapezeka woti amuthandize kulifupikitsa.

Mvetserani bwino chilankhulo. Ku Nsanje ndi mbali zina za Chikwawa, mnzako akamakunyengerera kuti ulawe amalankhula Chisena, ndiye wosewera mbali imeneyo alankhulenso Chisena. Muonenso amene ali ndi mphamvu pa mwana. M'mabanja ambiri a Chimang'anja mlandu wa mwana umapita kwa atsibweni ake, pamene kwa Asena umakhala kuchimuna. Mukaika munthu wolakwika kuti adzudzule mnyamata m'sewero, akuluakulu amayamba kutsutsana za mwambo ndipo nkhani ya mowa yatayika.

Tsopano kumanga sewero. Lisapitirire mphindi 20 kapena 25, zigawo zitatu, osewera asanu ndi mmodzi mpaka asanu ndi atatu. Simufunika kulemba mawu onse. Lembani zimene zikuchitika m'chigawo chilichonse, ndi ziganizo zitatu kapena zinayi zimene siziyenera kusintha, zina zonse osewera azilankhula m'mawu awo. Maina a anthu a m'sewero afunseni kwa anyakwawa kuti asafanane ndi a munthu wa m'mudzimo, ndipo nkhani imene munamva kwa munthu mmodzi musaiike yathunthu. Sakanizani zitatu, musinthe ntchito ya munthu, musinthe banja. M'mudzi aliyense amadziwa za mnzake, ndipo mukajambula munthu weniweni anthu amatembenuka kumuyang'ana. Tsiku limenelo mwapeza mdani, ndipo amene amakalipira kunyumba ndi mkazi wake.

Mwini nkhani akhale mnyamata kapena mtsikana amene anthu angamukonde, ndipo nthawi yambiri azioneka ali bwinobwino. Tiyerekeze ndi wa kabaza ya njinga yamoto yobwereka, amene madzulo aliwonse ayenera kupereka ndalama kwa eni njinga. Chigawo choyamba chionetse zimene angataye: amayi ake akumudalira pa ufa, mlongo wake akudikira ndalama ya mayeso, iye akusunga pang'onopang'ono kuti adzagule njinga yakeyake. Chigawo chachiwiri ndiye mtima wa sewero, ndipo apa m'pofunika kuchedwapo. Mnzake akubwera, osati ndi nkhope ya satana, koma mnzake weniweni amene anamuthandizapo tayala litaphulika.

"Amwene, tsiku lonse padzuwa ngati mbuzi ya pamsika, simungatsukeko kukhosi?"

"Ayi aise, ndalamayi ndi ya eni njinga."

"Ndani wanena za ndalama? Ndagula ndine. Kapena mukuopa amayi?"

Akane kawiri, ndipo kukana kwake kukhale kofooka monga mmene anthu amakanira, akuseka, akuyang'ana kumbali. Kachitatu alandire. Ndiye mnzakeyo anene mawu amene aliyense m'bwalomo anawamvapo: "Inetu ndagula, tsopano ndi inu." Apa ndi pamene ndalama ya eni njinga imatuluka m'thumba, ndipo anthu aione ikutuluka, aiwerenge naye.

Kuledzera kwenikweniko kuonetseni pang'ono, ndipo kuonekere pa nkhope za ena. Tili ndi lamulo loti woledzera asakhale m'bwalo kupitirira mphindi ziwiri, asayimbe, asavine, asalankhule ndi oonera. Kudzandira kokokomeza n'kwabodza. Munthu woledzera amayesetsa kuoneka ngati sanamwe: amayenda mosamala mopitirira, amabwereza funso limene wayankhidwa kale, kiyi amalephera kumulowetsa pa njinga. Zimenezi zikaseweredwa bwino bwalo limakhala zii. Ndipo maso a anthu muwatembenuzire kwa mayi wa mwana kumsana amene akufuna kukwera njingayo kupita kuchipatala, kapena kwa mlongo uja ataima pakhomo ndi kope m'manja. M'botolo muzikhala madzi, ndipo chizindikiro cha kampani muchichotse, kuti musatsatse malonda a wina komanso musaitane mlandu.

Chigawo chachitatu chithere pamene zinthu zafika pothina koma zisanaphulike. Eni njinga afika kudzatenga ndalama, palibe. Kapena mayi uja wakwera, injini yalira. Pomwepo imitsani.

Mayi wogulitsa kachasu musamupange mfiti. Ambiri mwa amayi amenewa ndi amasiye kapena osiyidwa, ndipo fizi ya ana, sopo ndi ndiwo zimachokera mu m'phika womwewo. Ali m'bwalomo akuonera, pamodzi ndi abale awo. Mukawanyoza amatseka makutu, chonsecho ndi iwo amene angakane kugulitsa kwa mwana. Mupatseni mayi wa m'seweroyo chifukwa chake, alankhule yekha kuti, "Ndikapanda kumugulitsa ine akagula kuseriko, nanga anawa adya chiyani?" Funso limeneli ndi lolemera, ndipo likayankhidwa ndi anthu a m'mudzi momwemo limabala mgwirizano wa ogulitsa onse, umene ndi wokhawo ungagwire. Mwana wamkazi wa mayiyo, amene amathandiza kuperekera mowa madzulo pakati pa abambo oledzera, ndi sewero lina palokha, ndipo nthawi zambiri atsikana amalipempha okha mukawapatsa mpata.

Zimene mukunena zokhudza thupi zikhale zoona, ndipo muzidutse nazo kwa mlangizi wa zaumoyo kapena namwino musanapite nazo kubwalo. Bodza limodzi, monga kunena kuti aliyense womwa kachasu amachita khungu, limagwetsa zoona zonse. Chimene chimachititsa khungu ndi methanol, mtundu wina wa spiriti umene umapezeka mu mowa wosakanizidwa ndi mankhwala, ndipo ngozi ya kachasu ya tsiku ndi tsiku ndi yakuti alibe chizindikiro: womwa sadziwa mphamvu yake, ndipo woyamba kudontha amakhala waukali kuposa wotsiriza. Uchema nawo umanyenga, chifukwa m'mawa umakhala wotsekemera ngati thobwa koma pofika masana, ndi kutentha kwa kuno, wasanduka mowa weniweni.

Chionetsero chimene chimagwira mtima kuposa mawu ndi cha mabotolo. Botolo la mowa wa m'bala la mamililita 330, wa mphamvu pafupifupi 5 pa 100, lili ndi mowa weniweni wokwana mamililita 16 ndi theka. Kabotolo ka mamililita 200 kolembedwa 40 pa 100 kali ndi mamililita 80. Ndiye kuti kabotolo kamodzi kolowa m'thumba la kabudula n'kofanana ndi mabotolo aakulu pafupifupi asanu. Ikani asanuwo pamzere, kenako kamodziko pambali, mufunse anthu kuti wamwa kwambiri ndani. Chiwindi cha munthu wamkulu chimachotsa mowa pang'onopang'ono, pafupifupi magalamu 10 pa ola, choncho kabotolo kaja kamafuna maola 6 kapena kuposerapo. Amene wamwa pakati pa usiku n'kudzuka mbandakucha kukanyamula anthu kapena kukapalasa bwato pakati pa mvuu ndi ng'ona akadali ndi mowa m'magazi. Kusamba madzi ozizira, tiyi wowawa kapena tsabola sizifulumizitsa chiwindi. Onjezani kuti mowa umakodzetsa ndipo umaumitsa thupi, zimene m'dzuwa la Okutobala ndi Novembala, pamene kuno kumapyola madigiri 40, zimagwetsa munthu msanga. Kwa amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a TB, mowa umaiwalitsa kumwa mankhwala ndipo umalemetsa chiwindi. Kwa mayi woyembekezera umafika kwa mwana. Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 25, ndipo woyamba kumwa ali wamng'ono ndiye amakodwa msanga. Musanene zonsezi tsiku limodzi. Sankhani ziwiri zogwirizana ndi nkhani ya sewerolo.

Za malo ndi nthawi n'zachidule. Yambani cha m'ma 3 koloko masana, pansi pa mtengo wa mthunzi, ndipo zonse zithe kusanade kuti atsikana abwerere kuli kowala. M'mawa anthu ali kumadimba, masana palibe amene angakhale padzuwa. Tsiku la msika limabweretsa chinamtindi koma ndi anthu odutsa, theka la iwo atalawa kale, ndiye n'labwino pongoitanira osati pokambirana. Kukagwa maliro sinthani tsiku osafunsa kawiri. Kuyambira Januwale mpaka Malichi musalonjeze tsiku kutsidya la kum'mawa kwa Shire, chifukwa msewu ndi madzi ndi zimene zimalamula. Lembani bwalo ndi phulusa, mapazi asanu ndi atatu kuchoka mbali ina kufika ina, musiye khomo limodzi lolowera osewera, ndipo dzuwa likhale kumsana kwa oonera ambiri. Ana akhale pansi kutsogolo, mipando ya mafumu pambali osati pakati. Tengani zigubu ziwiri za madzi akumwa za malita 20. Zokuzira mawu n'zabwino poitana anthu, koma m'sewero zimasokoneza, chifukwa wa m'mudzi akalowa kudzasewera amachita mantha ndi maikolofoni. Poitanira gwiritsani ng'oma ndi magule a komweko, utse, likhuba kapena valimba ngati alipo oimba, ndipo apempheni eni ake atsogolere. Za gule wamkulu musaziyerekeze m'sewero ngakhale pang'ono.

Sewero likaima, ntchito imagwera munthu mmodzi amene ife timamutcha mkhalapakati. Boal ankamutcha joker. Ameneyu asakhale mlaliki, ndipo pa anthu onse a m'gulu ndiye wofunika kumusankha mosamala. Amayamba ndi mafunso osavuta: mwaona chiyani, zimenezi zimachitika kuno, zinayamba kulakwika pati. Anthu akatchula malo, osewera amabwereza chigawocho, ndipo aliyense woonera ali ndi ufulu wokuwa kuti "Imani!" n'kulowa m'malo mwa mnyamata uja kuti aonetse mmene iye akanachitira. Wina akayamba kufotokoza ali pansi, mkhalapakati amuuze mwaulemu kuti, "Musatiuze achimwene, bwerani mudzationetse." Mupatseni chipewa kapena jekete la mwini nkhani kuti anthu adziwe kuti tsopano ndi iye.

Apa m'pamene magulu ambiri amagwa. Woonera akalowa n'kunena kuti "Sindimwa, mowa ndi woipa," wosewera mnzake uja amagonja nthawi yomweyo, anthu n'kuwomba m'manja. Palibe chaphunziridwa, chifukwa pa siteji ya kabaza palibe amene amagonja choncho. Wonyengererayo alimbikire monga mmene zimakhalira: aseke, anyoze, akumbutse za ngongole, aitane anzake. Koma asakhale khoma losagumuka. Woonera akabwera ndi njira yanzeru, monga kupereka ndalama kwa eni njinga asanapite kokacheza, kunamizira kuti pali kasitomala akumudikira, kapena kukoka mnzake wachitatu kuti akhale mbali yake, wosewerayo abwerere m'mbuyo pang'ono kuti anthu aone kuti chagwira. Muyezo umenewu umafuna kuyeserera. Pa masiku asanu okonzekera, awiri athunthu timawathera pa ichi chokha: ena a m'gulu amakhala oonera, amabwera ndi njira zosiyanasiyana, zanzeru ndi zopusa, ndipo wonyengerera amaphunzira poyenera kukankha ndi poyenera kumasula. Pakatha kuyesa kulikonse mkhalapakati afunse bwalo, "Zimenezi zingatheke kuno?" Anthu akati ayi, ayi yemweyo ndi phunziro.

Njira zamatsenga muzikane mwaulemu. Wina adzalowa n'kukhala wapolisi amene watulukira pathengo, kapena bwana wopatsa mnyamata ntchito ku Blantyre. Funsani kuti wapolisi woyandikira ali pa mtunda wautali bwanji kuchoka pano. Wina adzalowa ndi chikwapu. Musalole kumenya ngakhale kongoyerekeza, imitsani, mufunse amene anamenyedwapo ngati anasiya. Anthu atatu kapena anayi akayesa n'zokwanira, ndipo mmodzi mwa iwo akhale mtsikana. Atsikana salowa okha, ndiye konzani kuti mtsikana wa m'gulu lanu akhale pakati pawo n'kumuperekeza amene akuoneka kuti ali ndi mawu.

Woledzera weniweni adzabwera, sizilephera. Musamuthamangitse ndipo musamuseke, komanso mkhalapakati asayankhane naye, chifukwa akatero sewero lasamukira kwa iye. Gwirizanani pasadakhale ndi anyakwawa kuti akulu awiri amene iye amawalemekeza akhale naye pambali. Amfumu apempheni kuti alankhule pomaliza. Akayamba iwo, aliyense wotsatira amangoti "monga anenera amfumu."

Tikatha pabwalo timagawa anthu kwa mphindi 20: anyamata paokha, atsikana paokha, makolo ndi ogulitsa paokha. Zimene mtsikana sanganene pamaso pa atsibweni ake zimatuluka apa, ndipo zina zimakhala zolemera, za kugwiriridwa kapena kumenyedwa kunyumba. Wosewera si phungu. Ntchito yake ndi kumvetsera, osalonjeza zimene sangathe, n'kumulumikiza mwanayo ndi oyenera: wa zachitetezo cha ana wa m'deralo, ofesi ya Victim Support Unit kupolisi, kapena nambala yaulere ya ana ya 116. N'chifukwa chake mlangizi wa zaumoyo ndi wa zachitetezo cha ana ayenera kukhalapo tsikulo, osati kungouzidwa pambuyo.

Pali zinthu ziwiri zachipatala zimene gulu lonse liyenera kuzidziwa pamtima, chifukwa sewero labwino limatha kuvulaza. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse akakhudzidwa n'kusiya mwadzidzidzi, thupi limatha kuukira: kunjenjemera ndi thukuta tsiku loyamba, kukomoka ngati wakhunyu, ndipo pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu kuona zinthu zomwe palibe. Achibale amathamangira kunena kuti walodzedwa, chonsecho ndi matenda amene amapha ndipo ali ndi mankhwala. Wotere asiye mothandizidwa ndi achipatala, kaya ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ku Ngabu, ku Montfort ku Nchalo kapena ku Trinity ku Muona, ndipo mawu amenewa anenedwe pabwalo momveka. Chachiwiri ndi mnzako amene waledzera mpaka kugwa. Mugonekeni chammbali, bondo lapamwamba lopinda, nkhope yoloza pansi pang'ono kuti akasanza masanzi atuluke, pamthunzi, ndipo wina akhale naye. Osamumwetsa kanthu ali chikomokere, osamutsekera m'nyumba yekha kuti "agone zimuthere." Akapanda kudzuka mukamutsina, kapena akamapuma mwapatalipatali, ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo. Ichi timachionetsa ndi anthu awiri pabwalo, ndipo timaitana anyamata awiri kuti abwereze. Ena amati potero tikuvomereza kumwa. Ife timaona kuti mnyamata amene wapulumutsa mnzake usiku amamvetsa za midoli kuposa amene wangomva ulaliki.

Magulu atatu aja, a anyamata, atsikana, ndi makolo ndi ogulitsa, akabwerera pamodzi, mfundo zisapitirire zitatu, ndipo iliyonse ikhale ndi mwini wake ndi tsiku lake. "Tisiye mowa" si mfundo. Mfundo ndi yakuti ogulitsa onse a m'mudzi akumana kwa anyakwawa Loweruka kuti agwirizane ola lotsegulira, kapena kuti kholo lotuma mwana kukagula mowa lidzaitanidwa kubwalo, kapena kuti tcheyamani wa siteji ya kabaza azilanda kiyi kwa amene wanunkha. Lamulo la dziko limaletsa kale kugulitsa mowa kwa osakwana zaka 18, ndipo ndondomeko ya dziko yokhudza mowa inakhazikitsidwa mu 2017, koma pakhomo pa mayi wotcheza kachasu chimene chimamveka ndi mawu a anyakwawa ndi a ogulitsa anzake. Pepala la mfundozo lilembedwe kawiri, lina litsale kwa amfumu kapena a komiti ya chitukuko ya m'mudzi, lina mutenge.

Bwererani pakatha masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Musafunse kuti "munaphunzirapo chiyani," adzakuyankhani zokukondweretsani. Funsani ngati msonkhano wa Loweruka uja unachitika, anabwera angati, ndani anakana ndipo anati chiyani. Pitani pa siteji ya kabaza mufunse ngati kiyi analandidwapo. Zimene zakanika ndizo sewero lachiwiri, ndipo lachiwirili ndi bwino aliseweretse achinyamata a m'mudzi momwemo, inu mukungothandiza. Mudzi umodzi woyenderedwa katatu umasintha kuposa midzi khumi yoonera kamodzi, ngakhale kuti opereka ndalama amakonda chiwerengero cha midzi khumicho.

Chotsala ndi gulu lenilenilo. Osewera nawo ndi achinyamata a m'chigwa momwemo, ndipo kandalama ka tsikulo kakaperekedwa dzuwa likulowa pafupi ndi okala, ena sikafika kunyumba. Mudzi ukaona wosewera ali ndi kabotolo madzulo a tsiku la sewero, musadzabwerenso ndi nkhani ya mowa kumeneko. Perekani ndalama m'mawa mwake, kwanu, ndipo gwirizanani poyera kuti tsiku loyeserera ndi tsiku la sewero palibe kulawa. Amene ali ndi vuto la mowa m'gulumo musamuchotse msanga, koma musamupatse mbali yoti azisewera zimene zikumuchitikira pamaso pa anthu amene amamudziwa.

Nanga mnyamata uja wodziwa kudzandira? Iye ndi amene anthu amamukonda, ndipo mukamulanda botolo popanda kumupatsa china adzachoka m'gulu. Mupatseni mbali ya mnzake wonyengerera. Imafuna munthu wa lilime lakuthwa, woseketsa, wotha kuyankha chilichonse chimene woonera angabwere nacho, ndipo amakhala m'bwalo nthawi yaitali kuposa wina aliyense. Masiku oyamba adzayesabe kudzandira akamatuluka. Muikeni wina pakhomo la bwalo woti azimugwira phewa.